Kadontho ka Che Uladi pa Dzuwa

Alamu anga Che Uladi anali munthu wotopetsa, ndisakunamizeni. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino ngati munthu aliyense, koma ukangolakwitsa n'kunena kuti nthanda yawala bwanji lero, basi waziputa dala. Ankakuimika panjira n'kuyamba kukuuza kuti imeneyo si nyenyezi ayi, ndi dziko ngati lathu lomweli, ndipo miyezi ikubwerayi isowa kum'mawa n'kudzatulukira kumadzulo. Iwe ndowa ili pamutu, khosi likuwawa, iwo akungolongosola. Ine ndinkawauza kuti akulu anga anakwatiwa ndi wailesi yopanda pozimitsira, iwo n'kumangoseka. Chilamu chathu chinali chotero.

Kwawo kunali ku Nkhudzi, kunyanja, koma bwato ankaliopa ndipo nsomba ankazidziwira m'mbale basi. Sukulu analekezera sitandade sikisi. Ali mnyamata analembedwa ntchito yokoka tcheni kwa anthu oyeza misewu, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inawafikitsa kuno kwathu, kuseri kwa Katuli, komwe anaona akulu anga a Safia akusinja chimanga pabwalo. Msewu womwe ankayezawo mpaka lero sunamangidwe. Iwo anatsalira konkuno, nakhala mkamwini pamudzi pathu zaka pafupifupi makumi anayi.

Bwana wawo pa ntchito ija, a Maclean a ku Rumphi, anazindikira kuti mnyamatayu akuwerengera m'mutu zinthu zomwe ena amafunira pepala. Anayamba kuwaphunzitsa masamu a oyeza malo, ndipo pochoka anawasiyira zinthu ziwiri. China chinali buku lachingerezi lothothoka chikuto, lodzaza manambala okhaokha. China chinali levulo yakale yomwe kuntchitoko anali atasiya kuigwiritsa, kampope kokhala ndi magalasi mkati, koima pa miyendo itatu, koonera zinthu zakutali. Chuma cha alamu anga chinathera pamenepo.

Mmene ankachitira ndinaonerera kambirimbiri, ngakhale sindinganene kuti ndinamvetsa. Ankati mapulaneti, nyenyezi zoyendayenda zija, alionse ali ndi njira yake yozungulira dzuwa ndi liwiro lake, ndipo bukulo limanena pamene lililonse linali tsiku lina lake kalekale. Ndiye iwo ankawerenga masiku onse kuchokera tsiku limenelo kufika tsiku lomwe akufuna, n'kuchulukitsa, n'kuchotsera, n'kukonzanso pang'ono chifukwa njirayo akuti si yozungulira ndendende koma yotswamira ngati dzira. Akamaliza ankachitanso zomwezo ndi dziko lathuli. Kenako ankatuluka kuseri kwa nyumba ndi msomali ndi kachingwe, n'kujambula mizere yozungulira padothi, chitsekerero cha botolo pakati ngati dzuwa, nyemba apa ngati pulaneti, nsawawa apo ngati dziko lathuli. Ankagona chafufumimba, munthu wamkulumkulu, kuyang'ana kuchokera pa nsawawa kupita pa nyemba, kenako n'kudzuka n'kunena kuti Lachinayi mbandakucha, popita ku swala, pemphero la kumzikiti, Jupita adzakhala pamwamba pa mtengo wa mango wa kwa achimwene anga a Sumani, mikono iwiri kumanja. Lachinayi likafika, analidi pomwepo. Makope a masamu amenewa anadzaza thumba la feteleza. Mwana wawo Swadick atapita ku Joni anawatumizira kakyuleta yoyendera dzuwa, ndipo alamu anasangalala kuposa munthu wopatsidwa njinga.

Kulima ankalima, musawayese aulesi. Kumzikiti sankajomba. Koma pamudzi munthu sungamalembe manambala tsiku ndi tsiku, n'kumaloza kumwamba zinthu n'kumachitikadi, anthu osakuganizira. Onse ankadziwa kuti Che Uladi amaombeza, kuombeza kwa manambala kuja ena amati falaki. Azimayi ankabwera mozemba, nkhuku kukhwapa, kudzafunsa ngati amuna awo ku Joni akwatirako. Anyamata ankafuna kudziwa tsiku labwino lonyamukira ulendo kuti asagwidwe pa malire. Alamu ankawabweza onse ndi nkhuku zawo zomwe, n'kuwauza kuti Jupita sakudziwa ngakhale dzina lawo. Mukuganiza kuti anthu anakhulupirira? Ankati bamboyu ndi womana, amangothandiza olemera obwera anthu asakuona. Akulu anga ali moyo zimenezi sizinkapita patali, poti a Safia pakamwa anali nako, ndipo mudzi unali wawo.

A Safia anatisiya mu 2017, atadwala shuga nthawi yayitali. Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, achimwene athu a Sumani, omwe ndi eni mbumba yathu, anayamba kunena kuti mkamwini ntchito yake yatha, amasulidwe azipita kwawo. Mwambo ndi umenewo, sindikukana. Koma kwawo kuti? Ku Nkhudzi makolo anatha kalekale, malo a makolowo anthu anamangapo. Ana awo awiri onse ali kunja kwa dziko lino. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, mano atatha, yemwe Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti ankadutsira kumanda kukazula udzu pa mtumbira wa mkazi wake. Ndinakangana nawo achimwene mpaka mawu anandithera. Anavomera monyinyirika kuti akhale, koma anandichenjeza kuti, “Asiatu, munthu wakoyu akadzatibweretsera mavuto, udzamuperekeza ndiwe.”

Kuyambira pamenepo alamu ankakhala pamudzi ngati munthu wopemphetsa malo. Ana akadwala, maso a anthu ankapita kunyumba kwawo. Mbuzi ikafa, chimodzimodzi. Ine zinkandiwawa kwambiri, chifukwa munthuyo ndinkamudziwa, sankatha kupha ngakhale nkhuku ya pa Idi, ankaitana ine.

Tsono cholakwa changa ndi ichi. Mu Okutobala wa 2019 anandiuza, maso akuwala, kuti pa 11 Novembala, Lolemba masana, pulaneti laling'ono lotchedwa Mekyuri lidzadutsa pakati pa ife ndi dzuwa, ndipo lidzaoneka ngati kadontho kakuda pankhope ya dzuwalo. Anati awerengera katatu konse, miyezi inayi yathunthu, ndipo akachiphonya chaka chino ndiye kuti mpaka 2032, pomwe iwo adzakhale atagona kale pafupi ndi a Safia. Ankafuna kudzaonera okha kuseri kwa nyumba, mwakachetechete. Ine ndi nzeru zanga zoperewerazi ndinati ayi, uwu ndiye mwayi. Ndinati tiitane anthu masana dzuwa likuswa mtengo, aone okha kuti palibe nsupa, palibe mizimu, ndi masamu a kusukulu basi. Ndinati tiitanenso aphunzitsi a Macloud a pasukulu yathu ya pulayimale, omwe kwawo ndi ku Ntcheu, adzachitire umboni. Alamu anakana kawiri. Anati anthu akhoza kuchitenga molakwika. Ndinawanena kuti ndi amantha, kuti mkamwini wokhala pamudzi zaka makumi anayi akuopabe apongozi omwe anafa kale. Anavomera chifukwa cha manyazi. Ndipo ndine ndemwe ndinayenda khomo ndi khomo kuitana anthu.

Tsikulo kunatentha koopsa. Minda inali yolimidwa kale, mizere ili mbee kudikira mvula. Anthu anabwera ambiri kuposa pa chinkhoswe, ena kudzaona, ambiri kudzaseka. Alamu anaimika levulo ija kuloza kudzuwa, nachenjeza kuti aliyense woika diso pagalasipo achita khungu pompo. Kumbuyo kwake anaika katoni yomatidwa pepala loyera, ine ndi mayi wina titagwira chitenje kuti pakhale mthunzi. Papepalapo panaoneka dzuwa lozungulira, loyera, lalikulu ngati mbale ya ndiwo. Ananena kuti kadonthoko kalowa cha m'ma hafu pasiti thuu, kuchokera m'mphepete.

Hafu pasiti thuu inakwana, palibe. Anyamata anayamba kuimba mluzu. A Sumani anati tawotchedwa ndi dzuwa chifukwa cha misala ya munthu mmodzi. Aphunzitsi ankangoyang'ana pafoni pawo n'kumati tidikire pang'ono, zalembedwadi. Manja anga anali atatopa ndi chitenje, ine ndikupempha Mulungu kuti asatichititse manyazi. Patapita kanthawi mtsikana wina analoza. Kanalipo, kakang'ono ngati utitiri, kakuda bii, m'mphepete mwa dzuwa lija. Alamu anaika chizindikiro ndi pensulo. Titadikira pang'ono, kanali katasuntha kulowera mkati.

Ndinkayembekezera kuti anthu aomba m'manja. Palibe anaomba. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo. Azimayi anayamba kuchoka awiriawiri osatsanzika, ndipo amuna anatsatira. Ndinamva wina akunong'ona kuti munthuyu wathira chipsera padzuwa, ndipo ananeneratu ndi nthawi yomwe. Alamu sanaone chilichonse mwa izi. Anali atagwada pa katoni yawo, misozi ikutsika, akumwetulira koyamba chimwalirire a Safia, uku akudandaula kuti mawerengedwe awo aphonya ndi mphindi zingapo ndipo afufuza pomwe analakwitsa. Anakatsatira kadonthoko mpaka dzuwa linabisika kuseri kwa mitengo. Pomwepo n'kuti titatsala awiri.

Kenako mvula inakana kubwera. Novembala anatha kuli gwaa. Disembala analowa, mitambo inkasonkhana kumapiri a ku Mozambiki, kuchita mdima, kugunda, mphepo n'kubwera n'kuimwaza yonse. Tinkamva kuti ku Namwera yagwa, uko kwina yagwa, kwathu kokha ayi. Omwe anadzaliratu pouma mbewu zawo zinadyedwa ndi chiswe. Mjigo unayamba kutulutsa madzi amatope. Ndipo nkhani inali imodzi pamjigo, pachigayo, paliponse: Che Uladi amanga mvula. Akuti mitambo ikafika pamwamba pa nyumba yawo amailoza ndi mfuti yawo yagalasi ija, iyo n'kuthawa.

Chonsecho iwo ankatulutsadi levuloyo madzulo alionse, chifukwa masiku amenewo akuti nthanda ndi Jupita zinali zitayandikana ndipo ankafuna kuyeza. Ndinawapempha, ndinawakalipira, ndinawauza kuti abise chinthucho kudenga mpaka mvula igwe. Anandiyankha kuti akabisa ndiye kuti avomera mlandu. Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Munthu wodziwa komwe Jupita adzakhale chaka chamawa, koma osaona zomwe zikuchitika pakhomo pake! Ndinawauza mawu oipa tsiku limenelo, ndipo sindiwabwereza.

Ashehe athu anayesetsa, ndisawanamizire. Lachisanu lina analalikira kuti mvula ndi ya Mulungu yekha, palibe munthu angaimange kapena kuimasula, ndipo wonena zimenezo akuchimwa. Anthu anagwedeza mitu, natuluka, napitiriza nkhani yawo ali pakhomo pa mzikiti pomwepo akuvala nsapato. Ndinapita kwa aphunzitsi a Macloud kuti abwere adzauze anthu kuti zinthuzo zinaoneka m'maiko ambiri, kuti zinali pafoni. Anandilandira bwino, nandipatsa mpando, koma anati iwo ndi obwera, ali ndi ana aang'ono, ndipo nyumba yomwe akukhala ndi yofolera ndi udzu. Sindinawakwiyire kwenikweni. Mantha awo anali oona.

Sabata yachitatu ya Disembala anyamata anabwera masanasana, alamu ali kumunda. Anathyola chitseko, natenga levulo, naiphwanya ndi mwala pabwalo, miyendo yake n'kuithyolathyola. Thumba la makope sanalipeze chifukwa ndinali nditalibisa kale m'nkhokwe mwanga. Pochoka anasiya mawu akuti mvula ikapanda kugwa pofika Lachisanu, abweranso ndi petulo. Madzulo ake a Sumani anandiitana. Sanakalipe ayi, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangoti alamu asankhe okha pakati pa kuchoka ndi kufera m'nyumba, ndipo wokawauza ndine.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, akutolera tizidutswa ta galasi m'kambale. Ndinakhala pansi. Chilamu chonse chinandithera, ndinasowa poyambira. Iwo ndiwo anandithandiza.

“Alamu, akutumani kuti ndizipita.”

Ndinavomera ndi mutu. Ndinayamba kupepesa kuti ndine ndinaitana anthu aja, koma anandiletsa ndi dzanja. Anati mwana wa mlongo wawo, Mustapha, amawotcherera zitsulo ku Mangochi kutauni, ndipo sangawakanize pogona. Kenako nkhope yawo inachita ngati yapeza yankho la samu.

“Komatu izi n'zosavuta,” anatero. “Ine ndichoke mawa. Mvula ikakhalabe osagwa sabata imodzi kapena ziwiri ine kulibe, aliyense aona yekha kuti sindinali ine. Pamenepo mudzanditumizire uthenga, ndidzabwera. Udzu wa kumanda usakule kwambiri, muziwauza achimwene anu.”

Mpaka pamenepo ankakhulupirirabe kuti anthu akaona umboni amasintha maganizo. Ndinalibe mphamvu yowatsutsa, ndipo kunena zoona nanenso ndinagwira mawu amenewo ndi manja awiri, poti panalibe china chogwira.

Ananyamuka Lachinayi m'mawa pa njinga yamoto ya kabaza, thumba la makope pamiyendo, kachikwama ka zovala kumbuyo. Palibe anatuluka kudzatsanzikana nawo. Anthu omwe anadya nawo zaka makumi anayi, omwe ana awo anawalembera makalata ndi kuwawerengera za sukulu, ankasuzumira m'mipanda. Ndinawaperekeza ndekha mpaka pamsewu.

Ndiye tamvani zomwe ndinachita ine, mayi wa ana asanu, mwini munda wouma, nkhokwe itatsala pang'ono kutha. Tsiku lonse limenelo ndinkapempha Mulungu kuti mvula isagwe. Pa swala iliyonse ndinkapempha zomwezo. Anzanga akuyang'ana kumapiri ndi chiyembekezo, ine ndinkayang'ana komweko ndi mantha. Ndinkati Ambuye, sabata imodzi yokha, tafa kale ndi dzuwali, sabata imodzi siitipha. Ndinkadziwa kuti ndikupempherera njala ya adzukulu anga omwe, koma sindinasiye.

Lachisanu kunacha kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Amuna ali mu mzikiti masana, kum'mawa kunada. Ndinaima pakhomo kudikira mphepo ija yomwe inkamwaza mitambo masiku onsewa, koma siinabwere. Madontho oyamba anagwa akuluakulu pafumbi, kenako inangokhuthuka, mvula yeniyeni yodzalira, yosalekeza mpaka kunja kunada. Azimayi anatuluka kuvina pamatope, nthungululu mudzi wonse. Ana ankathamanga osavala. A Sumani pobwera kumzikiti, atanyowa chinyowere, anaima pakhomo panga n'kundiyang'ana.

Loweruka m'mawa foni yanga inalira. Anali Mustapha, nati amalume akufuna kulankhula nanu. Ndinamva kupuma kwawo kaye asanayankhule.

“Alamu, ndamva kuti yagwa.”

“Yagwa, alamu.”

“Yambiri?”

“Yambiri. Yalowa bwino m'nthaka.”

Anati alihamudulilahi, ndipo ananena mochokera pansi pa mtima, ndinamva. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la makina odulira zitsulo.

“Ndiye kuti kumeneko sindidzapondako,” anatero. “Pitani mukadzale, alamu, chinyezi chisanathe.”

Sanapondekodi. Anamwalira patatha chaka ndi miyezi, m'kachipinda ka kuseri kwa shedi ya Mustapha, naikidwa kutauni komweko tsiku lomwelo, ife uthenga tinaulandira atakwirira kale. Koma m'mawa wa Loweruka lija, nditatseka foni, ndinalira pang'ono, ndinapukuta m'maso, ndinatenga khasu ndi kathumba ka mbewu. Njira ya kumunda inali yodzaza anthu, onse osangalala, akundipatsa moni mokweza ngati palibe chachitika, ndipo ine ndinkayankha aliyense. Ndinadzala munda wanga wonse, n'kudzalanso wa alamu anga, womwe achimwene anali atandipatsa kale usiku wa dzulo lake.